Chiwale cha pa Chilumba

A Mikaele anali pakati pa mlatho, chikwakwa chili paphewa, pamene anamva nkhwangwa ikugogoda tsinde kutsidya. Sikunali kudula ayi. Kunali kugogoda kwa munthu woyesa katundu asanagule. Go! Go! Kenaka kunamveka kuseka.

Anawapeza atatu pansi pa chiwale cha kumapeto kwa chilumba. Mmodzi anali a Andrea, mlongo wa a Bibiana, akazi awo amene anaikidwa m'manda Lachiwiri lapitalo. Enawo anali amuna a ku Njuli okhoma mipando ndi zitseko. Wamkulu wa awiriwo, Bwanali, anali atakweza mutu mpaka chipewa kugwa, akuyang'ana kumene nthambi zinkathera.

"Alamu, mwadzuka?" anatero a Andrea, nkhope ili gwa.

"Ndadzuka, kaya inu."

"Ife tikungoona, alamu. Kuona kokha basi."

"Mukuona ndi nkhwangwa?"

Bwanali anabisa nkhwangwa kumbuyo n'kutola chipewa chake. "Pepani ndi zovutazi, bambo. Koma ine chiwale chotere ndinachiona komaliza ndikadali wa kabudula wong'ambika kumbuyo. Nthambi imodzi yokhayi ndi makwerero athunthu, osalumikiza!"

Abale inu, dothi la pamanda linali lisanaume n'komwe, anthu ayamba kale kuyeza mitengo ndi maso. A Mikaele anapita kukatchetcha udzu wa m'kanjira monga ankachitira masiku onse, koma chikwakwa chinkangodumpha pamwamba.

Chilumbachi si chachikulu. Kumunsi kwa mudzi wawo ku Nchema mtsinje umagawikana pawiri n'kukakumananso patsogolo, ndipo pakatipo pamatsala kamtunda ka dothi lakuda losauma chaka chonse. Akuluakulu amati kale chiwale chinali mbwee m'madambo onse a kuno. Koma nthambi za chiwale n'zazitali, zopepuka, zosavuta kusema, ndiye anthu anachidula, uyu wa zitseko, uyu wa makwerero, uyu wa denga, mpaka ana a masiku ano sadziwa n'komwe kuti chimaoneka bwanji. Chinatsala pachilumba pokha, ndipo chinatsala chifukwa cha pakamwa pa a Bibiana. Mayi aja, Mulungu awalandire, munthu akangoyandikira mlatho ndi chikwanje ankamuyalira mbiri yake yonse, kuyambira mbuzi imene anaba agogo ake.

Zipani zitachuluka, anthu atayamba kuyendayenda, kunayamba kufika alendo. Oyamba anali asisitere a ku Nguludi. Kenaka aphunzitsi ndi ana a sukulu, azungu apanjinga ofiira ndi dzuwa, mpaka mabanja a ku Limbe obwera Loweruka ndi mabasiketi a zakudya. Ankasiya kangachepe m'mbale ya pamlatho, ndipo kangachepe komweko n'kamene kankatseka pakamwa abale onena kuti mitengo siidyedwa. A Bibiana ankatsogolera, akulongosola, akuseketsa anthu mpaka misozi. A Mikaele ankatsala pamlatho kulondera njinga ndi nsapato. Mlathowo anamanga ndi iwo, tinjira tonse analima ndi iwo, koma zoyankhula ndi alendo, iyayi. Lilime lawo linali lolemera chibadwire.

Tsono vuto linali ili: a Mikaele anali mkamwini. Anachoka ku Phalombe ali mnyamata kudzakwatira pamudzi pano, ndipo pamudzi pa mkazi mwamuna amakhalapo chifukwa cha mkaziyo. Nyumba, munda, chilumba, zonse zinali za mbumba ya a Bibiana. Mkazi akamwalira, abale amamusudzula mwamunayo, kumumasula kuti abwerere kwawo. Nthawi zambiri amadikira kuti miyezi ipiteko, koma chaka chimenecho chinali cha njala ija anthu ankakumba zitsa za nthochi, ndipo palibe ankafuna kusonkhanitsa anthu kawiri. Anagwirizana kuti Lamulungu likubweralo, Misa ikatha, asudzule a Mikaele n'kugawa zovala za malemu. Akangochoka, nkhwangwa za ku Njuli zilowe.

Masana a Mikaele anabwerera kunyumba n'kukhala pakhonde, pampando wawo wa masiku onse, koma anakhalira kumphepete ngati munthu wodzapempha moto. M'nyumba munadzaza akazi. Anafuna sopo, koma anachita manyazi kulowa m'nyumba imene njerwa zake anaumba okha.

Idesi, mwana wawo mmodzi yekhayo, wokwatiwa ku Bangwe, anatuluka ndi kapu ya tiyi wopanda shuga n'kugwada.

"Ababa, imwani."

"Amalume ako abweretsa anthu a ku Njuli."

"Ndamva." Idesi anayang'ana pansi. "Akuti akadula alimepo tomato ndi mpiru. Ababa, amalume nawo zinthu sizili bwino. Ana awo akugonera madeya. Wamng'ono uja anakomoka kusukulu."

"Sindikuwada."

"Bwanji mupite nafe ku Bangwe?"

"Chipinda chimodzi chija? Iwe, amuna ako, ana onse aja. Ine ndikagone pansi pa tebulo?"

"Ndiye ku Phalombe?"

A Mikaele anazunguliza kapu m'manja. Ku Phalombe! Alongo awo onse anatsogola kalekale. Kunatsala ana a alongowo, amene ankawadziwa dzina lokha. Mmodzi wa iwo, Jonatani, anabwera kumaliro kudzaimira banja, ndipo kuyambira tsiku limene anafika ankangofunsa za maminibasi a pa Njuli. Ankawatchula amalume, inde, koma monga mmene munthu amatchulira mkulu aliyense pamsika.

"Iwe sungayankhule?" anafunsa motsitsa mawu. "Chilumba n'cha amako. Ndiye kuti n'chako."

"N'changa pakamwa pokha, ababa. Ine ndimakhala ku Bangwe. Ndikawatsutsa amalume lero, mawa banja likanditembenukira ndidzafikira kwa yani?" Anapukuta maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Amene angawabweze ndi amayi aakulu okha, a Aginesi. Koma iwo akuti mwambo ndi mwambo."

A Aginesi anali mkulu wawo wa a Bibiana ndi a Andrea omwe, mayi wa mawu ochepa amene mbumba yonse inkamuopa. Akati mwambo, nkhani yatha.

A Mikaele anamwa tiyi uja atazizira. Zinawapweteka, kunena zoona, zinawapweteka kwambiri. Osati mawu a mwanayo, koma kuti analibe munthu womuuza kuti zawapweteka. Munthu womuuza zoterezi anali a Bibiana.

Loweruka m'mawa, akumanga chingwe cha mlatho chimene chinali chitamasuka, anamva mawu a atsikana akutsetsereka ndi njira. Anali ophunzira unamwino, ndipo kutsogolo kwawo kunali sisitere wamfupi wa magalasi amene ankabwera chaka ndi chaka ndi gulu latsopano.

"Odi kuno!" anafuula sisitereyo, akupuma mwawefuwefu. "Mayi Bibiana alipo? Anatitumizira mawu kuti chiwale chachikulu chija chabala, tibwere tidzaone!"

Idesi, amene ankatsuka mbale za pamaliro m'mbali mwa madzi, anaimirira, mbale ili m'manja. A Andrea anali atamva phokoso n'kutsikira kumtsinje, ndipo ndi iwo amene anayankha.

"Asisitere, pano pali zovuta. Mwini wake tinamuika Lachiwiri."

"Yesu wanga!" Sisitere anagwira pakamwa. Anali kutali masabata angapo, uthenga sunamupeze. "Pepani, pepani ndithu. Atsikana, tiyeni tibwerere."

"Ayi."

Onse anacheuka. Ngakhale a Mikaele eni ake anadabwa kumva mawu awo.

"Mayi aja anakulonjezani," anatero. "Olokani."

A Andrea anakweza mapewa. "Aone, aonere komaliza," anatero, n'kubwerera kumtunda.

A Mikaele anatsogola, alendo pambuyo, mpaka pakati pa chilumba pamene panali chiwale chachikulu kuposa zonse. Mikoko ya zipatso inali lendelende, yotalika kuposa munthu, zipatso zake zofiirira, zonyezimira, zamamba ngati nsomba. Koma masamba ake anali atayamba kale kuuma. Atsikana anazungulira, maso onse pa a Mikaele.

"Ichi," anatero. "Ichi ndi chiwale."

Anadikira kuti mawu ena abwere. Sanabwere. Zaka zonsezi iwo ankangomva kuseka kukuoloka madzi, koma zimene mkazi wawo ankanena pansi pa mtengo uwu sanazimvepo.

"Nanga bwanji chikuuma, agogo?" anafunsa mtsikana wina. "Chadwala?"

"Sichinadwale. Chimabala kamodzi kokha. Chikabala chimafa."

Apo ndiye zinthu zinaipiratu, poti mtsikana wina kumbuyo anayamba kufwenthera. Sisitere anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Atsikana, bambo awa ndi amene ndinkakuuzani m'njira aja," anatero. "Mayi Bibiana akafika pano ankati, 'Mwawaona abambo ofatsa a pamlatho aja? Musawaone choncho. Kuno mwamuna wa chikamwini sabzala mtengo pa dothi la eni, amaopa kuti angadzanene kuti malo ndi ake. Ndiye iwo ankakumba dzenje n'kundipatsa mbewu m'manja, ine n'kuponyamo, iwo n'kukwirira. Tsono inu ophunzira ndiuzeni, wabzala ndani?'"

Atsikana anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. A Mikaele anacheukira kumtunda msangamsanga kuona ngati a Andrea amva. Kunalibe munthu. Panali Idesi yekha, amene anawatsatira ndi mbale yake ija. A Mikaele sankadziwa kuti mayi aja ankawatchula n'komwe kwa alendo, gulu lililonse, chaka ndi chaka, iwo ali phee kutsidya akulondera nsapato.

Alendo atapita, Idesi anawagwira malaya.

"Ababa, mawa mukanene zimenezi pabwalo."

"Ndikanene kuti ndinkakumba maenje pa dothi la eni? Adzati mkamwini ankafuna malo kuyambira kale, mlongo wawo n'kumamubisa. Ayi, mwanangu. Amako agone ndi dzina labwino. Anabzala ndi iwo, ine ndinkangokumba."

Madzulo a tsiku limenelo anapempha akazi aja kuti awapatse mpata, n'kulowa kukalongedza. Malaya awiri, jekete la kutchalitchi, lumo, kolona, bulangete. Moyo wonse wa pamudzi pano unakwana m'kachikwama kamodzi, malo n'kutsalako.

Lamulungu Misa itatha anthu anasonkhana pansi pa mango. Amuna anakhala pamipando, akazi pamphasa. A Andrea anaimirira, ndipo kunena chilungamo anayankhula bwino, ngakhale anaoneka kuti aiwala kuti nawonso ndi mkamwini kwa akazi awo kuseri kwa phiri.

"Alamu, munatisungira mlongo wathu. Sitinamvepo kuti mwamukwezera dzanja, sitinamvepo kuti wayenda wamaliseche. Pa matenda ake munamunyamula panjinga mpaka ku Nguludi, ife tikuona. Tilibe nanu mlandu. Lero tikukumasulani. Njira yanu ndi yoyera, pitani kwanu mukapume."

Amuna anaomba m'manja. Jonatani anathokoza m'malo mwa banja, mofulumira ngati wapsa pakamwa, diso lili kudzuwa. A Mikaele nawo anaomba m'manja, mutu uli pansi, kachikwama kali pakati pa miyendo. Basi, kunatha. Ukwati wonse uja unatha msanga kuposa kugula nkhuku.

Kenaka akazi anatulutsa sutikesi ya malemu n'kuiika patsogolo pa a Aginesi. Itatsegulidwa, zitenje zinali zopindidwa bwinobwino, chimodzi pamwamba pa chinzake. A Aginesi anayamba kuitana akazi a mbumba mmodzimmodzi, aliyense n'kulandira chake ndi manja awiri.

Woyamba kufutukula anali Doreni, mwana wa a Aginesi. "Pali mfundo apa," anatero, akupapasa nsonga ya chitenje.

"Mwachita mwayi, asisi, ndi makobidi amenewo!" wina anamuseka.

Doreni anafinya. Sanali makobidi. Chinali chinthu cholimba, chobulungira, chokula ngati dzira la nkhuku yachikuda. Nkhope yake inasintha.

"Mayo ine! Mankhwala!"

Anachiponya kutali chitenje chija ngati muli njoka. Akazi anabalalika pamphasa, wina kugwera mnzake, mwana wakumsana kuyamba kulira.

"Changanso chili nayo!"

"Changanso!"

"Koto! Mayi wa gulu la Legio kutchalitchi ameneyu, kumasunga zithumwa m'sutikesi?"

"N'chifukwa chake anthu ankaopa kudula pachilumba paja!"

"Musamasule!" anakuwa a Andrea, ali kuseri kwa mpando. "Wina athamange akaitane akatekisiti!"

Idesi sanadikire akatekisiti. Anatola chitenje cha Doreni pafumbi, maso ali ofiira ndi mkwiyo. "Amayi anga musawanyoze asanaole," anatero, n'kulimbana ndi mfundo ija mpaka inamasuka. Chinthu chija chinagwa pansi n'kugubuduka mpaka pakati pa bwalo. Anthu anatalikitsa makosi.

Inali mbewu ya chiwale, yosendedwa bwino, yotsukidwa.

Wina anaseka, kuseka kwa manyazi. Mmodzimmodzi akazi anabwerera pamphasa n'kuyamba kumasula mfundo zawo. Chitenje chilichonse chinali ndi mbewu yake. Amene anakuwa kwambiri uja ndiye anayamba kulira.

"Alamu," anatero a Aginesi, "izi mukuzidziwa?"

A Mikaele anapukusa mutu, kenaka anakumbukira. "Miyendo itatupa, atasiya kuyenda, anandituma kuti ndikatole zakugwa pansi pa chachikulu chija. Anati akufuna zosewera nazo m'manja. Tsiku lina ananditulutsa m'nyumba n'kutseka chitseko, amvekere ndikupinda zovala zanga, akazi angadzandiseke kuti ndinali wauve. Sindinafunse. Mayi aja sankafunsidwa."

A Aginesi anayang'ana akazi onse aja, aliyense mbewu ili m'manja. Onsewo anali ndi madimba awo m'mbali mwa mtsinje, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Bibiana iwe," anatero, ngati mng'ono wawoyo wakhala pomwepo. "Ngakhale pakufa sunaleke makani. Amuna wawadumpha, watipatsa ife eni dothi." Anatembenukira kwa a Mikaele. "Zimenezi zimamera bwanji?"

"Zimavuta, alamu. Zimafuna matope ndi mthunzi. Zimagona pansi miyezi yambiri, munthu mpaka kuganiza kuti zaola. Zikatuluka, mbewa zikufuna, mbuzi zikufuna."

"Ndani wa inu amadziwa zimenezi?" anafunsa a Aginesi. Akazi anangoyang'anana. "Chimene watisiyira malemu sititaya kudzala. Andrea, munthuyu sachoka asanatisonyeze."

"Achemwali, tamumasula kale! Anthu onsewa amva!"

"Wamumasula kuti apite kumene akufuna. Alamu, mukufuna kupita ku Phalombe?"

A Mikaele anangopukusa mutu ngati mwana.

"Ndiye mpaka liti?" anafunsa a Andrea.

"Mpaka zimere."

"Zikamera?"

"Mpaka zibale."

"Achemwali, chiwale chimabala wobzala atachita imvi! Alamuwa imvi ali nazo kale!"

"Ndikuziona."

A Andrea anakhala pansi mwamphamvu, ndipo mawu awo anatsika. "Nanga ana anga adya chiyani? Mukuganiza kuti ine ndimadana ndi mitengo?"

"Dimba langa la kumtunda lili gone, msana wanga unatha. Kalime tomato wako kumeneko. A ku Njuli ukawauze kuti pachilumba pali mwini."

"Chachikulu chija chikauma," anatero a Mikaele, maso ali pansi, "nthambi zake mudzatenge, alamu. Nanga zikhaliranji."

A Andrea sanatsutsenso. Jonatani anaimirira, kutsanzika, n'kuuyamba wa ku Njuli ali wopepuka ngati watula mtolo wa nkhuni. Anthu anayamba kubalalika, akazi akuonetsana mbewu zawo, ena akukangana kale za malo onyowa.

A Aginesi anatsala pamphasa akulimbana ndi chitenje chawo. Chinali chakale kwambiri, chofwifwa, chokhala ndi madontho a matope akuda amene sopo analephera.

"Zala zanga zakana," anatero. "Tamasulani inu, alamu."

A Mikaele analandira ndi manja awiri. Mfundo imeneyi inali yosiyana ndi zina zija, yaing'ono, yolimba ngati mwala. Atayandikitsa kumaso anaona chifukwa chake. Nsalu ya kunsonga inali yotafunika. Chinali chitenje chapansi m'sutikesi, kaya anayamba nacho, kaya anamalizira nacho, koma pomanga ichi zala zinali zitatha mphamvu, ndipo a Bibiana anakoka ndi mano.

Analowetsa chikhadabo pamfundopo, kenaka anachichotsa.

"Iyi isiyeni kaye, alamu," anatero.

A Aginesi anawayang'ana, n'kudzuka mwakachetechete kupita kunyumba. A Mikaele anatsala okha pansi pa mango, chitenje chili pamaondo, mfundo ili m'manja, mpaka mthunzi unawachoka.